Mpeni wa ku Halale

Mwera ukafika ku Liwaladzi sufunsa ngati munthu wakonzeka. Umayamba mu Juni, nyanja n'kuda bii, mafunde n'kumakhuthulira zinyalala za bango pamchenga. Amuna amakokera mabwato kumtunda, nakwera pamadenga kukatsindira udzu ndi mitengo. Akazi amasanjika miyala m'mbali mwa mphasa zoyanikapo ufa, amatola nkhuni mowirikiza, ndipo amasenda chinangwa msanga, pakuti chimene m'chilimwe chimafewa m'madzi masiku atatu, m'nyengo yozizirayi chimafuna asanu ndi limodzi. Waulesi wa Lolemba amagona ndi njala Lamulungu. Ndiye nthawi ya mwera mpeni supuma.

Patapita zaka zitatu chichitikire njala ya fote naini, mwera udapeza Esitere akusenda chinangwa cha nyumba ziwiri, yake ndi ya akulu ake, a Rahila.

Awiriwa adali a mimba imodzi koma abambo osiyana. Bambo a Rahila adali Msilamu, woyendetsa chombo cha matanga pakati pa Kota Kota ndi tsidya lija la nyanja, ndipo ulendo wina adapita osabwerako. Bambo a Esitere adali kalipentala wa ku mishoni ya Angilikani, ndiwo adamubatizitsa. Mayi wawo adamwalira ndi fuluwenza Esitere ali ndi zaka zinayi. Amene adamubereka kumbuyo, kumuzula matekenya ndi kumuphunzitsa kugwira munsi adali a Rahila, iwonso akadali mtsikana.

Atakula, wina ankapita kutchalitchi, wina ankaswali, koma nyumba zawo zidamangidwa moyang'anana, pakati pali mtengo umodzi wa mango, ndipo mbale ya ndiwo idali imodzi. Esitere sadaphikepo nkhumba chibadwire. Nkhuku ya Khirisimasi ankaitanira Msilamu kuti adzazinge, akulu ake adye nawo. Mpunga wa Idi woyamba kulawa adali iye. Palibe amene adakhazikitsa lamulo limeneli. Zidangokhala choncho, monga m'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanjamo.

Amuna a Rahila adamwalira chaka cha njalacho, ana awo awiri ali ku Joni, osamveka. Kenako nyamakazi idawalowa m'manja, zala n'kupindika ngati mapazi a nkhuku yozizidwa. M'chilimwe ankatha kugwirako chipande. Mwera ukayamba sankatha ngakhale kumanga mfundo ya nsalu. Motero chilichonse cholowa m'kamwa mwa a Rahila chinkayamba chadutsa pa mpeni wa Esitere.

Mpeniwo udali wosula, wakalekale, wonoledwa mpaka kutsala wowonda ngati tsamba la bango. Sabata yoyamba ya mwera udathyokera m'mutu wa chinangwa. Esitere adayamba kubwereka kwa anansi, koma mpeni wobwereka mwini wake amaufuna pamene iwe wangoyamba kumene ntchito. Adakonza zoti apite kwa wosula akangotsiriza kusinja chinangwa chimene adali atavuula. Asadapite, adafika amuna ake, a Sailesi, amene adakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Halale akuphikira Mzungu, ndipo m'zaka zonsezo adangobwerako kawiri. Adatsika sitima ku Kota Kota n'kuyenda wapansi, bokosi lachitsulo lili pamutu.

M'mawa mwake, obwera kudzalonjera atachepa, adatulutsa bokosi lija pakhonde, mbali yofika dzuwa. A Rahila adawoloka bwalo n'kudzakhala pamphasa.

"Alamu, mwanenepatu," adatero a Rahila. "Kumeneko mumaphikira Mzungu kapena mumadziphikira nokha?"

"Wophika salawa ndi maso, alamu. Koma inu ndiye mwauma ngati usipa wa chaka chatha."

"Ndauma ndi kulera mkazi wanu. Tsegulani bokosilo tione ngati mumatikumbukira."

Mudatuluka bulangete la a Rahila, nsalu ziwiri za Esitere, ketulo, ndi nsapato za mwana wawo Dora, amene adakwatiwa ku Ngala. Pansi penipeni padali malaya oyera a ntchito, opindidwa bwino. A Sailesi adawafunyulula pang'onopang'ono ngati muli khanda, ndipo m'kati mwake mudali mpeni.

Esitere adali asadaonepo wotero. Kutalika kwake kudali ngati kuchokera pachigongono kufika pachikhatho, wotambalala kumbuyo, wosongoka kutsogolo, chitsulo chake choyera mbee, munthu n'kudzionerapo maso. Chigwiriro chidali chakuda, chosalala, chokhomedwa ndi timisomali titatu tamkuwa.

"Dona anandipatsa potsanzikana," adatero a Sailesi. "Make Dora, gwira umve. Suchita dzimbiri uwu, ngakhale uugoneke m'nyanja. Ukanola lero, udzanolanso mwezi wa mawa."

Adaubweza m'manja mwawo n'kumeta nawo ubweya wa pamkono, ubweya n'kuuluka ndi mphepo.

"Zaka zisanu ndi ziwiri uli m'manja mwangamu. Ng'ombe, nkhosa, bakha, zonse wadula. Ndiye m'mawa uliwonse bwana ankafuna nyama ya nkhumba yamchere ija, yodula mopyapyala, yoti ukaikweza chonchi uzionera dzuwa. Ophika anzanga onse ankalephera. Ine ndinkangoti tsee, tsee, mafuta akutsetsereka pampenipa."

Adakweza zala ziwiri padzuwa kuonetsa mmene ankachitira. Esitere sadayang'ane zalazo. Adayang'ana akulu ake. A Rahila adali atasanjika manja awo opindika aja pabulangete, nkhope ili phee.

"Ndi wokongola ndithu," adatero a Rahila. Adathokoza bulangete, nadzuka, nabwerera kwawo.

Esitere adautsuka mpeniwo ndi phulusa ndi madzi otentha, akuganiza kuti zikwanira. Ndipo tinene zoona, atangouyesa adaukonda. Mpiru wa kudimba unkangogwa wokha timizere tosalala. Khungu la chinangwa linkachoka ngati nsalu yonyowa. Ntchito imene kale inkamufikitsa dzuwa pamutu, adaitsiriza mame asadaume. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mwera, phewa lake silidawawe.

Masana adanyamula kondowole ndi mpiru wotendera kupita nazo kukhonde kwa akulu ake, monga mwa masiku onse. A Rahila adamupempha mchere. Adautsira m'madzi a m'kambale, n'kumasunsa mbamu zawo m'menemo. Mpiru sadaukhudze.

"Achemwali, ndinautsuka ndi phulusa."

"Ndinakuona. Ufa uwu ndi wa chinangwa cha mpeni wakale uja?"

"Eya."

"Watsala wochuluka bwanji?"

Onse awiri ankadziwa. M'dengu mudatsala ufa wa sabata imodzi ndi masiku pang'ono. Ukatha umenewo, wotsatira udzakhala wa chinangwa chimene adasenda m'mawa uja ndi mpeni wa ku Halale, ndipo a Rahila sadzakhala ndi choika m'kamwa.

Tsiku lotsatira adapita kwa a mwalimu Yasini, otsogolera mapemphero kumzikiti wa m'mudzimo. Adawapeza kuseri kwa nyumba, kobisala mphepo, akusoka ukonde. Adagwada chapatali n'kufotokoza zonse, osabisa.

"A Sailesi abwera ndi nkhani yonona," adatero a mwalimu akuseka pang'ono. "Musade nkhawa, mayi a Dora. Ife timati najisi, ndiye kuti chodetsa, ndipo chodetsa chimatsukika. Mutsuke kasanu ndi kawiri. Kamodzi mwa maulendo amenewo madzi ake musakanize ndi dothi la pamalo abwino. Mukatero wayera, ngakhale ine ndingadye."

Esitere adatsukira pakati pa bwalo, pansi pa mango paja, akuwerenga mokweza kuti a Rahila amve ali pakhonde pawo. Adapaka dothi paliponse, mpaka m'timing'alu ta chigwiriro adalowetsamo kaudzu. Atatha adadula nawo matimati ndi anyezi, nakazinga timatemba touma, napita nazo.

A Rahila adati bisimila, natapa ndiwo, naika m'kamwa. Adatafuna nthawi yaitali. Esitere ankaona khosi lawo likuyesa kumeza, likukana. Potsiriza adatembenukira kumbali n'kulavulira m'dzanja. Misozi idali italengeza.

"A mwalimu anena zoona, wayera," adatero a Rahila. "Sindikutsutsa ayi. Koma kukhosi kwangaku sikunatsukidwe. Ndikangoona ndiwo ndikuona zala za alamu zili padzuwa. Usandide, mwana wa mayi anga. Ndayesa."

Ndiye Esitere adanyamula lichero la mpunga kupita kwa a Kalilu, wosula wa m'mudzi woyandikana nawo. Chipala chawo chidali pansi pa mkuyu, chotchingidwa ndi mphasa yakutha mbali ya mwera. Mipeni yawo ankasula kuchokera ku malamba achitsulo omangira migolo.

"Kodi si inu a kwa mpeni wodziyang'anirapo nkhope?" adatero a Kalilu osasiya kupopa mvukuto. "Mbiri yafika kuno kale. Akuti ukangouloza nkhuku, nkhuku imagwa yokha. Mwadzatani kwa ife osula malata?"

"Ndadzaona ngati mudakali moyo, bambo. Wanu uja unathyoka."

"Unathyoka utakukwatitsirani mwana. Sankhani apo."

Padali isanu pachikopa cha mbuzi, yonse yakuda, yonse yokhota pang'ono, zigwiriro zake za mtengo wosapala bwino. Esitere adasankha umene udakhota mochepa. A Kalilu adamuuza poyera kuti chitsulo cha masiku ano n'chofewa, sichilingana ndi cha makasu akale chimene adasulira woyamba uja. Azinola m'mawa uliwonse, ndipo akausiya wonyowa udzadzuka wofiira.

Sadaname. Madzulo a tsiku lomwelo Esitere adakumba chinangwa china, cha a Rahila okha, ndipo m'mawa mwake adayamba kusenda. Dengu limodzi lidamufikitsa dzuwa litapendeka. Adanola katatu pamwala wa pabwalo. Mpeniwo unkakakamira m'khungu la chinangwa, unkatenga ndi mnofu womwe, ndipo chigwiriro chidamutulutsa matuza awiri m'chikhatho. Adakaviika chinangwacho pachokha m'thamanda la kuseri kwa mchenga, nachizika ndi miyala. A Sailesi ankangopukusa mutu.

"Munthu uli ndi njinga, n'kumakwawa," adatero.

Masiku atatu a Rahila adadya bwino. Ndiwo zawo Esitere ankadula ndi mpeni wa a Kalilu, za m'nyumba mwake ndi wa ku Halale, miphika iwiri, ntchito ziwiri. Tsiku lachinayi mwera udapuma. Nyanja idagona, amuna adatsitsa mabwato, ndipo a Sailesi adabwera kuchokera kudoko ndi chambo zinayi zazikulu. Matuza a Esitere adali ataphulika. Adayesa mpeni wa a Kalilu uja pamsana wa chambo choyamba, mpeni n'kuterereka, thukuta la m'manja n'kulowa pabala. Adakhala kanthawi atafumbata dzanja. M'kanyumba kophikiramo adali yekha. Mpeni wa ku Halale udali pathandala, pafupi. Suja a mwalimu adati wayera? Adautenga. Kudula kawiri, chambo chidagawika mutu, pakati, mchira.

A Rahila adalandira mbale mokondwa, pakuti padapita masabata osalawa nsomba yaiwisi. Adatembenuza nthuli ya pakati ndi chala, nayang'ana podulidwa.

"Iwe Esitere, fupa ili ladulidwa ndi chiyani?"

"Ndi wa a Kalilu."

"Wa a Kalilu umatafuna fupa, n'kusiya minga ili balala. Ili lametedwa." Adakankha mbale pang'onopang'ono ndi kuseri kwa dzanja. "Ndakulera ine. Unkanama uli ndi zaka zisanu kuti sunadye mango aawisi, makutu ako n'kumagwedera. Mpaka lero amagwedera."

"Achemwali, dzanja linali..."

"Ukanandiuza za dzanjalo, ndikanadya ndi mchere, osadandaula. Nanga tsopano za ufa ndidziwa bwanji? Za chinangwa chili m'madzicho ndidziwa bwanji? Ine maso anga salowa m'khitchini mwako. Ndimadya mawu ako basi."

Adabweza ndi kondowole yemwe.

M'mawa mwake mwera udayambiranso, wamphamvu kuposa kale. Esitere potuluka adaona utsi ukutuluka m'kanyumba kophikira ka a Rahila, mmene simudayake moto zaka zitatu. Chakudya chimene adapititsa masana chidabwerera chosakhudzidwa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Anansi adayamba kufunsa ngati pabwalopo pagwa mawu.

Tsiku lachitatu Esitere sadapirire, adalowa osaodira. Adapeza a Rahila atakhala pafupi ndi mafuwa, atafunda bulangete latsopano lija, akufukula chinangwa m'phulusa ndi timitengo tiwiri topanira pakati pa zikhatho. Mbatata imene adapatsidwa ndi anansi idali itatha. Chinangwacho chidali cha m'munda wa kuseri kwa nyumba, chosasenda, chosaviika.

"Achemwali, ichi n'chowawa. Chimaledzeretsa, chimapha. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Anakuphunzitsa ndani?"

Esitere adachilanda n'kukachitaya kudzala. A Rahila sadalimbane naye. Mphamvu zolimbanira padalibe.

Esitere adakawapeza a Sailesi ali padenga la nkhokwe ya mpunga, akumanga udzu umene mphepo idakakatula.

"Bambo a Dora, tsikani ndikuuzeni."

Adatsika, luzi lili pakamwa.

"Mpeni uja uchoke m'khitchini mwanga."

"Uchoke upite kuti? Watsukidwa kasanu ndi kawiri. Ngakhale ine chibadwire sindinasambepo kasanu ndi kawiri tsiku limodzi."

"Sindikuseka."

"Nanenso sindikuseka, make Dora." Adalavula luzi lija. "Zaka zisanu ndi zinayi ndikudzuka tambala asanalire, kuphikira anthu osadziwa ndi dzina langa lomwe. Nsaluzo zidzang'ambika, ketulo idzabooka. Chokhalitsa chimene ndabwera nacho ndi chimenechi, ndipo ndinatengera iwe. Usaugwiritse pa ndiwo za alamu, basi. Chavuta n'chiyani?"

"Chavuta ndine. Ukakhala pathandala paja ndidzaugwiranso. Dzanja likadzawawa, dzuwa likadzapendeka, ndidzaugwira, ndipo ndidzanamanso. Ndi wabwino kwambiri mpeni umenewu."

"Ndiye mlandu wake ndi wakuti ndi wabwino?"

"Mukanangolekeza pa bakha paja, osatchula za nkhumba."

A Sailesi adakhala pa mtondo wogubuduza, nayang'ana kunyumba kwa a Rahila nthawi yaitali.

"Chaka choyamba," adatero, "ndikagwira nyama imene ija ndinkasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kuyera, ndikuganiza za pabwalo pano. Chaka chachitatu ndinasiya. Pofika chaka chino ndinali nditaiwala kuti n'chinthu choti munthu angabise." Adadzikanda m'mutu. "Sanadye masiku angati?"

"Lero lachitatu. Ndawapeza akuwotcha chowawa."

A Sailesi adalowa m'nyumba, natuluka atasenza bokosi lachitsulo lija, mpeni uli m'dzanja lina. Adawoloka bwalo, natula bokosi pakhonde pa a Rahila.

"Odi, alamu! Tulukani muone mkaidi akulowa m'ndende."

A Rahila adatuluka atagwira chitseko. A Sailesi adatulutsa malaya oyera aja, nakulunga mpeni monga momwe udabwerera, nauika pansi penipeni, natseka, nakhoma loko. Kenako adatambasula dzanja, kiyi ali pachikhatho.

"Ine ndisunge kiyi wa nkhumba?" adatero a Rahila.

"Kiyi sanadye kanthu, alamu. Bokosi likhala kwanga, kiyi kwanu. Dora akadzabwera tidzamupatsa apite nawo ku Ngala, kumene kulibe alamu ovuta."

"Ovuta ndi amene amayanika nyama padzuwa pamaso pa alendo."

"Ndalakwa, ndavomera. Pakamwa panga mutsuke kasanu ndi kawiri, dothi ndikatapa ndekha."

A Rahila adafuna kukwiya, koma kuseka kudawatulukira m'mphuno. Poti zala zawo sizikadatha, Esitere ndiye adagwada n'kumangirira kiyi uja pa ngodya ya nsalu yawo. Pomanga mfundoyo adamva mmene nthiti za akulu ake zidatulukira.

A Sailesi adaitanitsa mpeni wa a Kalilu. Adautembenuza uku ndi uku, nauyang'ana ndi diso limodzi kutsata msana wake.

"Kalilu ameneyu amasula ali m'tulo? Taonani, ukuloza ku Dwangwa pamene mwini wake akupita ku Kota Kota." Adapita nawo pamwala, nathira madzi. "Bwera uone, make Dora. Iwe umauimika kwambiri ponola, n'chifukwa chake ukubuntha msanga. Ugoneke chonchi, ngati ukufuna kumeta mwalawu. Mbali iyi kakhumi, mbali inayo kakhumi. Osathamanga."

Adanola mwa luso la munthu wa ntchito yake, mlomo ataluma. Atatha adauyesa pamkono. Ubweya sudachoke. Adauyesa pa tsamba la mango, tsamba lidagawika bwinobwino.

"Apa ndiye pamathera nzeru za mgolo," adatero. "Mawa udzabunthanso."

Esitere sadabwererenso kukhitchini kwake. Adatenga mpiru, matimati ndi nsinjiro, nadzakhala pakhonde pa akulu ake, lichero lili pamiyendo. Adadulira pomwepo, a Rahila akuona. Timizere ta mpiru tidatuluka tina tonenepa, tina tong'ambika. Adaphikira pa mafuwa a a Rahila, mu mphika wa a Rahila.

"Ufa uwu ndi wa m'dengu lakale lija, watsala wa masiku awiri," adatero akubwera ndi mbale. "Chinangwa chanu ndinavuula dzulo, ndasinja, chili pamphasa. Ndinasenda ndi uwu, chonse, ndipo ndinaviika pachokha. Chimene ndinasenda ndi winawo tidya ife. Za chambo zija ndinanama. Izi sindikunama."

A Rahila adamuyang'ana makutu. Kenako adati, "Tione dzanja."

Esitere adatambasula chikhatho. Pamene padali matuza padali pofiira, khungu litasendeka. A Rahila adakhudzapo ndi chala chawo chopindika, mopepuka.

"Chitsiru cha mwana. Mayi athu ankakulunga chigwiriro ndi luzi. Alamu, luzi lija munali nalo pakamwa lili kuti?"

"Ndiye mudzati luzinso lakhudza pakamwa pa wodya nkhumba."

"Bweretsani lina, musandiyambe."

A Rahila adasamba m'manja, nati bisimila, natema mbamu yaing'ono, nasunsa mu mpiru. Esitere adayang'ana kumbali, kunyanja kumene mafunde oyera ankathamangitsana, koma khutu lili pomwepo. Adamva kumeza. Mbamu yachiwiri idali yaikulupo.

"Mchere wachepa," adatero a Rahila, dzanja likubwerera m'mbale.

A Sailesi adabwera ndi luzi louma la mombo. Esitere adalinyika m'madzi kuti lifewe, naling'amba kutsata utali wake kuti likhale lopyapyala. Adapanira mpeni pakati pa mawondo, nayamba kukulunga kuchokera pamene chitsulo chimalowera mu mtengo, mzere pambali pa mzere, akukoka zolimba. Atafika kumapeto adalowetsa nsonga pansi pa mizere iwiri yomaliza, nakoka ndi mano, nadula chotsalacho.